Kabotolo Kachitatu

Fodya wa a Mphepo anakana kukula chaka chimenecho. Mvula inagwa bwino, feteleza anathira, ngakhale wa kuponi uja woyenera ku chimanga anamupatutsira komweko, koma pofika pakati pa Januwale munda wonse wakumunsi unali utapinimbira, masamba akuphuka ang'onoang'ono pamwamba ngati tsache lakutha. Tsono ku Chulu chinthu chikavuta m'munda, anthu sayamba n'kufunsa kuti n'chiyani. Amafunsa kuti ndi ndani.

Dzina silinachedwe kupezeka. Lonjezo.

Lonjezo anali mwana wa matenanti. Makolo ake anachoka ku Phalombe iye ali kumsana, kudzalima fodya pa esiteti ya tsidya la dambo. Anakulira konkuno, ndevu n'kumera konkuno, koma dzina lake silinalowepo m'kaundula wa makuponi. Wobwera ndi wobwera basi. Ndiye mnyamata ameneyu ndi amene anakweza maso n'kukonda Perpetua, mwana wa mlongo wawo wa a Mphepo, mtsikana woyamba m'mudzimo kufika ku yunivesite. Kawiri konse anapempha kuti atumize nkhoswe. Kawiri konse a Mphepo, omwe anali atsibweni ake a mtsikanayo komanso mkulu wa mpingo, anangoti, "Tionabe."

Mbande za a Mphepo zitapsa ndi dzuwa la mu Novembala, Lonjezo anaona ngati Mulungu wamutsegulira khomo. Anazula mbande pa nazale yake, madengu anayi, n'kukawokera yekha m'munda mwa mkuluyo. Mbande zimenezo ndizo zinali pamlandu tsopano.

*

Wokoleza moto anali Esau, mwini golosale ya pamphambano, amene anali atafolera kale nyumba yake malata atsopano poyembekezera Perpetua yemweyo.

"Akamwini afika!" anafuula Esau ataona Lonjezo akutsamiritsa njinga. "Apatseni mpando, angatipatsire matenda ataimirira."

Amuna a pabawo anaseka. A Mphepo, omwe anakhala pabenchi chipewa chili pabondo, sanaseke.

Lonjezo ananjuta. "Bambo, ndamva zomwe zikunenedwa. Mbande zija zinali zabwino."

"Iwe mnyamata," anatero a Mphepo, "fodya wako akukula?"

"Akukula, bambo."

"Nanga wanga?"



"Bedi labwino wasunga, lodwala wapereka kwa apongozi," anatero Esau akupukuta sikelo. "Ku Phalombe ndiye kufunsira mbeta kwake kumeneko eti?"

A Mphepo anavala chipewa n'kuimirira. "Nkhoswe wako umuuze asathe nsapato. Pakhomo panga saponda."

Madzulo ake Lonjezo anakwera pachitunda pomwe netiweki imagwira, n'kulemba uthenga: "Atsibweni ako anditsekera khomo. Akuti ndinawapatsa matenda dala."

Yankho linabwera foni isanabwerere m'thumba. "Ndamva kale, amayi andiimbira. Ubwere ku boma mawa, udzaone mboni yako."

"Mboni yake ndani?"

"Ndi yaing'ono, sungaione. Ungobwera. Usaiwale mango."

*

Anapalasa maola atatu, mango ali m'jumbo. Perpetua anali atapatsidwa kachipinda kuseri kwa maofesi a zaulimi, momwe ankayeseramo njira yatsopano yodziwira matenda a mbewu. Anamulandira atavala chikhoti choyera, ndipo Lonjezo anadziona fumbi mpaka m'nsidze.

"Usaime pakhomo ngati wabwera kudzamangidwa. Lowa. Taona ichi."

Anamuonetsa kabotolo kochepa ngati nsonga ya chala. Mkatimo munali timadzi tofiira ngati ta chidede.

"Magazi?"

"Iwe! Usatchule mawu amenewo kuno, angandigende kuti ndine namapopa. Ameneyu ndi golide."

Lonjezo anaseka mpaka kugwira chitseko. "Golide ndinamuona ine, pa dzino la bwana wa esiteti. Ndi wachikasu."

"Wa bwanayo ndi chibulumwa. Uyu ndi golide yemweyo, koma ali timibulu tating'ono kwambiri. Akachepa choncho amasintha mtundu. Tazula tsitsi limodzi."

Anazula, n'kumupatsa.

"Kuti udutse kunenepa kwa tsitsi ili, osati kutalika, kunenepa kokha, ungandandalike timibulu timeneti zikwi zisanu."

Kuseka kuja kunamuthera. Anatenga kabotolo ndi manja awiri, monga amalandirira kapu ya mgonero, n'kukayang'anitsa pawindo. Dzuwa linadutsamo n'kumupaka chofiira pachikhatho. Palibe chinkaoneka mkatimo, ngakhale kafumbi. Iye amene ankanyada kuti amaidziwa mbewu ya fodya, yochepa ija mpaka amachita kuisakaniza ndi madzi m'kheni kuti aifese, lero anamva kuti pansi pa mbewu imeneyo pali dziko lina lonse, lodzaza, lokhala chete, loti agogo ake anabadwa mpaka kufa osalimvako mbiri.

"Mulungu analenganso zinthu kumeneko?" anafunsa monong'ona.

"Kumeneko ndiye kuli zambiri kuposa kuno." Perpetua analuma bango, madzi ake n'kutsikira kuchibwano. "Mvetsera. Chamoyo chilichonse chili ndi kalata yake mkati, yolembedwa pa kaulusi. Iwe uli nayo, fodya ali nayo, kachilombo kakudwalitsa munda wa atsibweni kalinso ndi yake. Ine ndili ndi tizidutswa ta ulusi wotchedwa DNA, tolukidwa moti timangogwirana ndi kalata ya kachilombo kameneko basi. Zina zonse timakana. Ntchito yanga ndi kumangirira tiulusi timeneti pa golide, kuti kambulu kalikonse kakhale nyankhalala ngati mutu wa chisoso."

"Ukumanga ndi chiyani? Ulimbo?"

"Kunsonga kwa kaulusi kalikonse kuli sulufule. Sulufule akaona golide amamatirira osasiya. Ngati Esau akaona ine."

"Usandiyambe."

Perpetua anaseka, n'kumugunda ndi chigongono. "Vuto n'lakuti tiulusito timakankhana ngati akazi apamitala. Titatu tikakhala, kachinayi sitikalola. Chimene chimatiziziritsa mtima ndi mchere. Koma mcherewo ndi dontho limodzi, udikire ola, dontho lina, udikirenso. Ndayamba dzulo, ndimaliza mawa."

"Bwanji osangothira wonse kamodzi?"

Perpetua anatenga kabotolo kena ka golide wopanda ulusi, n'kuthiramo madzi amchere mowolowa manja. Lonjezo asanaphethire, kufiira kuja kunazilala, kunada, n'kusanduka kotuwa ngati phulusa lonyowa.

"Wafa ameneyo," anatero Perpetua.

"Ngati feteleza pa mbande," anatero Lonjezo pang'onopang'ono. "Ukaunjika, zimapsa."

"Waona? Ndiwe wasayansi iwe, kungoti chikhoti ulibe. Bwera, ola lakwana. Dontho ili uthire ndiwe."

Anamugwiritsa kachipangizo kooneka ngati cholembera chachikulu. Perpetua anaima kumbuyo kwake n'kumugwira pamkono, mpweya wake wonunkhira mango ukumufika kukhutu. Dontho linalendewera kunsonga, n'kugwa. Madzi aja anangokhala ofiira. Koma Lonjezo anamva ngati wathirira munda umene maso sadzauona, ndipo mkatimo, pa dzanja lake iye tenanti, tiulusi tosawerengeka tinali kupeza pokhala.

"Ndiye mboniyi idzayankhula bwanji?"

"Tikathiramo madzi a tsamba lodwala, kalata ya kachilombo imagwira kaulusi uku, kena uko, mpaka timibulu tonse timamangika mtolo umodzi. Golide akaunjikana amasanduka buluu. Tsamba likakhala labwino, amakhala wofiira chomwechi."

"Akasanduka buluu ndiye basi?"

"Ukamutenthetsa kwambiri mtolo umamasuka, amafiiranso. Koma akangozizira amabwerera pa mawu ake."

"Sanama?"

"Anganame ine nditalakwitsa, n'chifukwa chake ndimayamba ndamuyesa pa masamba odziwika kale. Koma kukondera ayi. Sadziwa tenanti, sadziwa mkulu wa mpingo." Anamuyang'ana m'maso. "Iwe ndiye undiuze pano. Mbande zija zinali zabwinodi?"

"Ndikulumbira amayi anga."

"Basi. Loweruka ndikubwera. Atsibweni akasankhe okha tsamba pa mbande zotsala pa nazale yako, lina m'munda mwawo. Iwe uzungulire mundawo, ukapeza fodya wina aliyense womera m'mbali unditengere tsamba. Ndikufuna kudziwa komwe matendawa akuchokera."

*

Loweruka m'mamawa, mame asanaume, Lonjezo anazungulira munda wa a Mphepo. M'malire sanapeze kanthu. Koma kuseri kwa chigafa chakale choyanikamo fodya, m'kati mwa udzu wofika m'chiuno, anaona kanjira kopondedwa ndi munthu mmodzi. Anakatsata.

Kumeneko kunali mzere wa zitsa za fodya wa chaka chatha, zosazulidwa, zitaphukira bwinobwino. Pansi pa masamba nsabwe zija zofalitsa matenda a fodya zinali mbwee. Pambali panali mwala wosalala ndi kukhalidwa, timakoko ta chimanga todulidwa mofanana, ndi kamulu ka phulusa.

Lonjezo anagwira pakamwa. A Mphepo! Mkulu wa mpingo yemwe chaka chatha anaimitsa munthu mgonero chifukwa cha ndudu! Alangizi amalalikira chaka ndi chaka kuti zitsa zizizulidwa ukangomaliza kuthyola poti zimasunga matenda, koma mkuluyu anali atasungako zake zopichirira chingambwe kumene mpingo sufika.

Anaseka yekhayekha, n'kuthyola tsamba limodzi. Pomupatsa Perpetua anangoti, "Zitsa, kuseri kwa chigafa cha atsibweni ako." Za mwala ndi phulusa sananene. Perpetua anakweza nsidze, n'kulemba mawuwo pa kapepala komata.

*

Dzuwa litakwera, pansi pa mtengo wa mango wa a Mphepo panalibe poponda. Mbiri inali itamveka kuti mwana wa kwa Mphepo wabwera ndi golide woweruza milandu. Esau anatseka golosale n'kubwera atavala jekete.

Perpetua anayala nsalu patebulo. Anasinja masamba atatu aja, lililonse m'katondo kake, n'kusefa, n'kutenthetsa m'madzi a m'fulasiki. Kenako anaimika timabotolo titatu tofiira pa kathabwa kobooka, n'kupempha Lonjezo kuti agwirizire kathabwako poti tebulo linkagwedera.

"Aka n'ka m'munda mwanu, atsibweni. Aka n'ka mbande za Lonjezo, tsamba mwathyola nokha. Ngati muli kachilombo, madziwa asanduka buluu."

Anadonthezamo monsemo.

Poyamba sipanachitike kanthu. Nkhuku inadutsa pansi pa tebulo. Esau anatsokomola mwadala. Kenaka mayi wina wamasiye, a Rute, omwe munda wawo unachita malire ndi wa a Mphepo, anati, "Ee, ee, taonani!"

Kabotolo koyamba kanali katayamba kuda, ngati mmene mtambo umachitira mvula ikamakonzeka chakumadzulo. Kufiira kunalowa m'kati, kunabwera mtundu wa maluwa a mbatata, ndipo anthu akuyang'ana chomwecho, popanda wokagwira, kanasanduka buluu weniweni. Amayi ena anabwerera m'mbuyo. Bambo wina wachikatolika anachita chizindikiro cha mtanda. A Mphepo anavula chipewa pang'onopang'ono ngati alowa m'tchalitchi.

"Mwana iwe," anatero, "ndiye kuti tsambalo layankhula?"

"Layankhula, atsibweni."

Maso onse anasamukira pa kabotolo kachiwiri. Lonjezo anagwiritsitsa kathabwa kaja. Nanga nsabwe zikanakhala kuti zinafikanso pa nazale masiku ano? Nanga golideyo akanakhala kuti naye sakonda obwera?

Kanali kofiira.

"Dikirani, sikanapse," anatero Esau.

Anadikira. Mthunzi wa mango unasuntha mpaka kusiya mwendo wa tebulo padzuwa. Kabotolo kanali kofiirabe ngati chidede chongothyola kumene.

A Rute analulutira. "Mwana wa eni tinamunamizira! Esau, jekete yakoyo ukaivulire kunyumba!"

Anthu anaseka, ndipo Esau anayamba kufunafuna chinthu m'foni mwake. Lonjezo anafuna kulira, anafuna kuvina. Koma a Rute anafunsanso, "Nanga ngati si mbande, matendawa achokera kuti? Poti wanganso wayamba kupinda masamba m'malire umu."

Lonjezo anayang'ana pansi. Kabotolo kachitatu kanali kumapeto kwa kathabwa, pafupi ndi chala chake chachikulu, kobisika ndi dzanja lake. Kanali buluu woposa koyamba kaja. Kapepala kake kanaloza kwa a Mphepo, omwe anali atawerama pafupi kuposa wina aliyense.

Anawaona akuwerenga. Anaona milomo ikuyenda: zitsa, kuseri kwa chigafa. Kenako mkuluyo anadzutsa maso, ndipo sanali maso a pabenchi ya golosale aja ayi. Anali maso a munthu wokalamba amene akuona khamu lonseli likuthamangira kuseri kwa chigafa, n'kukapeza mwala, makoko ndi phulusa, mawa lake kuli mgonero.

Dzanja la Lonjezo linatseka lokha. Kabotolo kanalowa m'chikhatho, chikhatho m'thumba.

"Pali kachitatu," anatero Perpetua akutembenuka. "Kameneko ndi kamene katiuze. Lonjezo, kali kuti?"

"Katayika," anatero Lonjezo akuyang'ana dothi. "Tebulo linagwedera, kanagwa, ndakaponda. Pepa."

Perpetua anayang'ana pansi pomwe panalibe dontho ngakhale limodzi. Anayang'ana thumba. Kunena zoona pamenepo kukanakhala kumutcha wabodza pamaso pa anthu omwe anali atangomuyeretsa kumene. Anayamba kulongedza zinthu zake osayang'ana munthu.

*

Anthu atabalalika, a Mphepo anamuitanira Lonjezo kuseri kwa nkhokwe. Anakhala kanthawi akuzunguza chipewa m'manja.

"Amalume anu aja, ankhoswe anu, mumati ndi a ndani?"

"A Yobu, bambo."

"Ali kuno kapena ku Phalombe?"

"Ali pa esiteti pomwepa."

"Loweruka likubwerali abwere. Tidzawalandira." Anatsokomola. "Muli ndi manja abwino, bambo. Ndawaona."

Lonjezo anawomba m'manja atanjuta. Mawu amene anawadikira chaka chathunthu anali atatuluka, ndipo anathamanga ngati mwana kukamuuza Perpetua. Anamupeza panjira ya kudambo, bokosi lake lili pamutu, akupita kukakwera kabaza.

"Perpetua! Avomera! A Yobu abwere Loweruka!"

Anatsitsa bokosi n'kutambasula dzanja. "Ndipatse."

Anatulutsa kabotolo kaja. Perpetua anakayang'ana padzuwa, n'kugwedeza mutu.

"Masiku atatu ndikudontheza mchere. Dontho lina unathira ndiwe, ndi dzanja lomweli."

"Sukudziwa zomwe zili kuseri kuja. Pali mwala, pali—"

"Ndinakulira pakhomo paja, Lonjezo. Ukuganiza kuti fungo la chingambwe sindilidziwa? Amayi akudziwa, azakhali akudziwa. Za kusuta ndi zawo ndi Mulungu wawo. Ine ndimafuna kunena za zitsa."

"Anthu akanapita kukaona. Mkulu uja akanathera pomwepo. Zitsazo azula okha mwakachetechete, uona."

"Azula zawo. Nanga za ena? Ukuganiza kuti m'mudzi muno osunga zitsa ndi iwo okha? Lero anthu anali atatsegula maso, akanakhulupirira chilichonse chomwe golide uja akanawaonetsa, akanapita kukazula aliyense kwake. A Rute afunsa funso, ana anayi akudalira munda umene uja, ndipo ife tawayankha kuti katayika. Wamumva Esau pochoka? Akuti ngati mbande zinalibe kachilombo, ndiye kuti mundawo unachita kuulodza."

Kamphepo kanadutsa m'fodya wa a Rute, masamba a m'malire akuoneka opindika.

"Ndinachitira ife," anatero Lonjezo.

"Ndikudziwa. N'chimene chikundipweteka." Misozi inali italengeza, koma mawu ake sanagwedere. "Ndinakuuza kuti golide uyu sadziwa tenanti, sadziwa mkulu wa mpingo. Ndimayesa nawenso uli choncho. Ndiye ndizikafika pakhomo pako ndikudziwa kuti unandigula ndi bodza, bodza lake lonamizira ntchito ya manja anga?"

Anamutsegula chikhatho, n'kuikamo kabotolo kaja, n'kumupinda zala chimodzichimodzi.

"Ukakaonetse wekha, pansi pa mango pomwe paja, anthu omwe aja alipo. Loweruka lisanafike."

"Ndikatero atsibweni ako sadzandiyang'ananso kumaso."

"Mwina. Koma ukapanda kutero, a Yobu adzapeza atsibweni avomera, mkeka woyala, nkhuku yophedwa. Adzandiitana kuti, mwana iwe, munthuyu ukumudziwa? Ndipo ine ndidzati sindikumudziwa."

Anasenza bokosi lake n'kumapita, osacheuka.

Lonjezo anatsala panjirapo, kumanja kuli denga la a Mphepo, kumanzere munda wa a Rute. Anakumbukira zija anamva ku boma, zakuti golide akatenthedwa amafiiranso. Anafumbata kabotolo kaja mwamphamvu, nakaika pachifuwa m'kati mwa malaya, nakapumira mpweya, mpaka chikhatho chinachita thukuta.

Atatambasula dzanja, kanali buluu.